Bambo Ochapa Majezi

Pasekondale ya m'tauni mwathu ku Georgia pali bambo achikulire amene amachapa majezi ndi kusunga zisoti zodzitetezera za timu ya mpira wogundana. Osewera amakhulupirira kuti chimene chimatsegula khomo la koleji ndi kanema wa masewero awo basi. Bambowa amatsutsa, ndipo akulondola: “Kanema amasankha zoonetsa, koma chipinda chovalira sichibisa kanthu.”

Chaka chatha kochi wa koleji ina anabwera kudzaona Tavian, mnyamata yemwe sakanapitiriza maphunziro popanda timu ya koleji yomutenga n'kumulipirira. Atacheza ndi aphunzitsi, kochiyo anatsikira kochapira, monga amachitira odziwa ntchitoyi.

“Bambo, mwana ameneyu ndi wotani?”

Bambowo ankadziwa kulemera kwa yankho lawo, koma kunama sankafuna.

“Ndi wolongolola, ndipo masokosi ake angakomole galu. Koma tikagonja, anzake amaponya majezi pansi n'kutuluka. Iyeyu amawatola onse n'kudzandipatsa m'manja.”

Mu Febuluwale Tavian anasaina ndi kolejiyo. Atabwera kudzathokoza, bambowo anamuyankha osasiya n'komwe kupinda majezi.

“Iwe, ukakafika kumeneko, ukayambe wadziwa dzina la wochapa.”