Njereza ya Nyumba ya Mfalansa

Tsiku limene ananditengera kuphiri kuja tinalipo anthu awa: ine mwini wake, mwana wanga wachisamba amene amagwira ntchito kuchipatala, kalaliki wa kuboma wochokera ku Dedza, bwana wa ku Lilongwe amene wagula nyumbayo kuti muzigona alendo, ndi mtsikana wake wojambula. Anandiitana chifukwa ku Wovwe konse palibe wina wotsala amene anaona nyumba ya Mfalansa ikumangidwa. Anzanga onse anagona. Ndatsala ine, ndipo mawu anga akadali aakulu.

Nyumbayo ndi yosanja, denga lake losongoka ngati chisoti, makomo okhota pamwamba ngati uta, ndipo mawindo ali ndi zitseko zawo zamatabwa. Bwana uja ankasisita khoma ngati akusisita ng'ombe ya chiwongo. Anati, "Agogo, taonani luso la Afalansa. Njereza iyi mpaka lero sinasendeke." Ndinafunsa kuti, "Luso la ndani?" Mtsikana uja anadzidzimuka mpaka kutsitsa kamera. Ndinawauza kuti akhale pansi amve.

Chinali chilimwe, ine ndili kamnyamata kosavala malaya. Mfalansayo anabwera kudzalima khofi, koma anaona kuti azungu a kuboma amavutika ndi kutentha kwa Karonga, ndiye anaganiza zowamangira malo opumira kumtunda kozizira. Chithunzi cha nyumba anabwera nacho kuchokera kwawo. Amene anasenza miyala ndi amayi a kwathu. Chifunga cha kuphiriko chinkatiluma ife ana a kuchigwa, ndipo tinkagona m'misasa ya udzu kuseri kwa khoma, utsi uli m'maso.

Adada anali munthu wa njereza. Zigoba za nkhono zinkabwera m'madengu kuchokera ku Sangilo. Ankaziwotcha mu uvuni mpaka zitayera, kenaka n'kuzithira m'dzenje ndi kuthiramo madzi. Apa ndi pamene panali zodabwitsa. Popanda moto, popanda nkhuni, dzenje lija linkawira. Linkalira ngati mphika waukulu, nthunzi tolotolo, fungo lake lokanda kummero. Adada ankaima pathabwa akuvundula ndi mtengo wautali, miyendo itang'ambika ngati nthaka ya m'munda wa mpunga madzi akaphwa. Ine ndinkanyada. Ndinkauza anzanga kuti adada anga amawiritsa madzi ndi manja.

Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi, ngakhale mwana woyamwa: njereza ikagona yokha ilibe mlandu, koma ikakumana ndi madzi imalusa. Asibweni, alongo awo a amama, amene anali kapitawo wa osenza miyala, ankatiopseza kuti, "Ukayigwira ndi manja onyowa, uona."

Mvula inali pafupi ndipo alendo a Khirisimasi ankayembekezeka, choncho Mfalansa ankafulumizitsa anthu. Mmawa wina adada anathira madzi zigoba zisanazizire bwino. Ndinamva phuu! Kenaka mfuu umene sindinaumvepo kwa munthu wamwamuna. Anagwa chagada, nkhope yonse mbuu, manja ali kumaso, miyendo ikupalasa fumbi.

Anthu anathamangira. Dona, mkazi wa Mfalansa, anali pakhonde. Mayi ameneyu sankatiyankhula, moni yemwe ankangogwedeza mutu. Tsiku limenelo anatsika masitepe akuthamanga, nsapato imodzi itavuka, atanyamula ndowa yodzaza madzi, akukuwa m'chiyankhulo chakwawo. Analunjika pa adada. Asibweni anamuona. Anamutchingira, namenya ndowa ija ndi phazi, madzi onse khuthu pansi. Anati, "Akufuna amuwiritse maso! Mwe, mugwireni!" Amayi awiri anamugwira manja. Iye ankalimbana nawo, akuloza kumtsinje, akuloza m'maso mwake, misozi ili chuchuchu. Wophika amene ankamva chiyankhulo chake anali atatsika kumudzi, ndipo Mfalansa anali kumunda wa khofi.

Ine ndinaona ndi maso angawa munthu wakuda akumenya ndowa ya mzungu, nthawi imene kuyang'ana mzungu kumaso kokha kunali mlandu. Asibweni anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anatsika phiri mutu uli m'mwamba, ndipo kumudzi anawaphikira mowa.

Amama anali ndi khanda kumbuyo. Anagwada, naika mutu wa adada pamiyendo, nafinyira mkaka wa m'mawere m'maso mwawo, monga timachitira mwana akadwala maso. Atatero anapukuta ndi nsalu youma, nadontheza mafuta a nsatsi, namanga. Analamula kuti madzi asayandikire nkhope imeneyo, ngakhale osukusula. Tinawanyamula pamachira kutsika nawo. Njira yonse ankangoti, "Kukuyaka, kukuyaka."

Pamene anamasula nsalu, mvula itayamba, maso a adada anali oyera ngati a nsomba yophika. Anafunsa ngati kwacha. Dzuwa linali pamutu.

Anakhala moyo zaka zambiri akuluka mphasa ndi zala zokha. Ine sukulu ndinalekera panjira kuti ndiziwagwira ndodo, n'chifukwa chake cholembera chimandilemera kuposa khasu. Amama analetsa kutchula dona uja m'nyumba mwathu, ndipo ine ndinasunga lamulo lawo, moti ana anga ankangodziwa kuti agogo awo anapsa ndi njereza, basi. Nkhani ya ndowa ndinaiulula tsiku la ulendo wathu lija, pakhonde lomwelo.

Ndinaimirira n'kumenya khoma ndi ndodo. Ndinati, "Mukamauza alendo anu za Afalansa, muwauzenso kuti kuyera uku ndi maso a adada anga. Muwauze kuti kunali mwamuna wa kwathu amene sanaope mzungu, amene anateteza mlamu wake." Kalaliki wa ku Dedza anayang'ana pansi. Bwana uja anati, "Pepani chomene, agogo," Chitumbuka chake chobwereka, ndipo analonjeza kuti nkhaniyi aziifotokoza monga ndainenera. Ndinakhutira. Ndinaona kuti ndawalipsira akufa anga.

Pobwerera mwana wanga ndiye anayendetsa galimoto, kutsika makhotakhota onse aja. Titafika pamene minda ya mpunga imayambira, anaima pambali pa msewu, nazimitsa injini. Manja ake anali pachiwongolero, osandiyang'ana.

"Adada, ndikupempheni, musalole bwana uja aziuza anthu nkhani imeneyi. Wina adzaimva n'kuchita zomwezo. Njereza ikalowa m'maso, mankhwala ake ndi madzi. Ambirimbiri, nthawi yomweyo, osalekeza. Mayi uja ankabwera kudzawapulumutsa."