Damu la a Fundo Kalekeni

A Fundo Kalekeni ali ndi zaka 67, ndipo ndi mlimi wa fodya ku Njombwa. Chaka chatha, ali kwa mwana wawo Vera ku Kasungu boma, anaonera filimu ya nyama zakutchire pa TV. Njovu sanazilabadire, poti amazidziwa. Chimene chinawagwira mtima ndi kanyama kakunja kotchedwa biva, ka mano ngati sompho, kamene kamatseka mtsinje ndi mitengo ndi matope.

"Khoswe ali ndi damu, ine nazale ikumauma chaka ndi chaka!" anadandaula.

Atabwerera kumudzi anaganiza zotseka kamtsinje kakudambo. Koma mitengo kumeneko idatha kalekale, ndiye anazula ya chigafa chawo choyanikamo fodya.

"Bambo a Vera, khoswe wanuyo amalima fodya?" anafunsa akazi awo, a Dorika.

"Kaya. Filimuyo sindinaimalize."

Damu linagwira madzi. Nazale sinaume, ndipo fodya anachita bwino kuposa zaka zonse. Nthawi yothyola itakwana, poyanika panalibe.

Pano fodyayo ali lendelende m'nyumba, pabalaza ndi kuchipinda komwe. A Fundo akugona pakhonde. A Dorika ali kwa mng'ono wawo ku Kapelula.