Injini ya a Ndau sinatsegulidwepo

Loweruka lapitali ndinaperekeza mlongo wanga Esinta ku Kandeu kukaona njinga yamoto yogulitsa. Mukundidziwa kuti ine sindinama, choncho zimene ndikuuzeni muzilandire mmene zilili.

Esinta amalima kabichi ndi mbatata ya kachewere kumtunda kwa Biriwiri. Mwamuna wake Lufeyo ali ku Joni. Awiriwa anagwirizana pa foni kuti zokolola za chaka chino zigule njinga. Kabichi ndi chifukwa chaching'ono. Chachikulu ndi mwana wawo Tadala, amene amabanika pachifuwa m'mawa kukazizira, ndipo chipatala chili patali. Njingayo iyenera kukhala yodzuka pomwe wayiuza kuti idzuke.

Vuto linali limodzi. Wogulitsa anali a Ndau, malume ake a Lufeyo, amene anamulera mpaka kumuimira pa chinkhoswe.

Lufeyo anandiimbira. "Alamu, mukagwire injini asanayilize. Ikakhala yotentha, ndiye kuti ayiliza kale kuti isawachititse manyazi. Muone mitu ya mabawuti ngati yadyeka ndi sipanala. Mukaona guluu wofiira akusuzumira m'mphepete, dziwani kuti munthu analowamo. Koma chonde, amalume asaone kuti mukuyang'ana."

Mwamva? Ndiyang'ane, koma ndisaoneke ndikuyang'ana. Anthu a ku Joni malangizo sawavuta, chifukwa wokatukwanidwa amakhala wina.

Tinawapeza a Ndau atakhala pampando, njinga ili pambali pawo. Inali itatsukidwa moti ntchentche inatera pathanki, n'kuterereka, n'kubinya mwendo. Ndinayiona ndi maso angawa ikuchoka motsimphina.

"Iyi," anatero a Ndau, "injini yake sinatsegulidwepo chichokereni kufakitale. Ngakhale mphepo sinalowemo."

Ndinayesa kuwerama pang'ono.

"Mwataya chiyani, achimwene?"

"Ayi, ndi msana chabe."

"Ndiye khalani apo, msana supola choimirira." Anandilozera mpando umene unali kutali moti njingayo ndimayiona ngati mbuzi ya pamudzi wina.

Apa m'pamene Esinta anakonza chitenje n'kugwada pafupi ndi mpando wa a Ndau, monga achitira mkazi waulemu kwa akuluakulu a kuchimuna. Maso pansi. Tsono taganizani, abale: munthu akagwada pambali pa njinga, maso ali pansi, akuyang'ana chiyani?

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Tadzuka, kaya inu amake Tadala?"

"Tadzuka. Nanga azakhali? Mwendo uja?"

"Ukuchitako bwino."

"Nanga mbuzi ija inathyoka nyanga?"

Moni umenewo sindinauonepo chibadwire. Anafunsa za ana, za zidzukulu, za denga, za nkhuku imodziimodzi. Mthunzi wa mtengo wa mapichesi unachoka kumene unali n'kupita kukakhala kwina. Ine ndinapita nditameta, ndinabwerako ndi ndevu, ndipo wokayika akafunse akazi anga. Pakati pa moniwo Esinta anatsamiza dzanja pa injini ngati akufuna kukhazikika, n'kulichotsa msangamsanga. Yotentha.

Ndiye anati, mawu ali pansipansi: "Koma amalume, njingayi mumayikonda. Mutu wa injiniwu ukuwala mosiyana ndi thupi lake. Si onse angagulire njinga chinthu chabwino chonchi."

Ndinasiya kupuma. Kenaka chifuwa cha a Ndau chinayamba kukwera ndi kunyada.

"Mwaona eti? Anthu saona zimenezo! Umenewu ndinakautenga kutsidya kwa malire. Ndi wa njinga yaikulu. Mabowo anakana kugwirizana, makaniko anachita kuboola ena."

"Eee, ntchito!"

"Ntchito? Simunamve. Pistoni ndi yachitatu imeneyi. Gasiketi ndinadula ndekha pa katoni ya sopo, n'kumata guluu. Kabuleta inali ya pampu yothirira m'dimba. Tcheni ndi ziwiri zolumikiza. Ekizozi ndinayichotsa matumbo kuti anthu azimva kuti Ndau akubwera."

Ine kumpando kwanga kuja ndinaona kuti cha kufakitale chatsala ndi hutala yokha. A Ndau ngati andimva: "Hutalayi ndi ya minibasi."

"Ndiye imadzuka bwino, amalume?"

"Masana, kuponda kamodzi kokha! Koma m'mawa kukazizira imafuna ulemu. Umayikankhira kumtsetse, kuyinyengerera. Ikakana, umadikira dzuwa."

Esinta anandiponyera diso kamodzi. Chifuwa cha Tadala sichidikira dzuwa.

Tsono akane bwanji? Akanena kuti njinga ndi yoipa, wanyoza munthu amene analera mwamuna wake. Akawakumbutsa mawu aja a fakitale, wawatchula abodza pakhomo pawo pomwe. Mlongo wanga anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amalume, njinga mwayivutikira chonchi, ine ndikulandeni? Imeneyi imadziwa dzanja lanu. Kwathu ikakhala yamasiye."

A Ndau anayiyang'ana njinga ija. Anasisita thanki. "Lufeyo anakwatira bwino," anatero. "Sindigulitsanso." Anatipatsa mtolo wa nzimbe, n'kutiperekeza mpaka pamsewu akufotokozabe za pistoni yachiwiri.

Pobwerera ndinkadzifunsa. Njinga iliyonse yogulitsa m'boma lino la Ntcheu injini yake sinatsegulidwepo. Komabe pitani pa msika uliwonse, mupeza amakaniko atazunguliridwa ndi mainjini otsegula, matumbo ali m'beseni. Kodi amenewo ndi a yani? Amagwa ndi mvula?

Ine ndikuti bodza limeneli timaliitanitsa ndife ogula. Munthu akangoti "ndinakonzetsapo", timatembenuka ngati watiuza kuti m'nyumba muli njoka. Ndiye wogulitsa anaphunzira mawu amene timafuna kumva. Ifenso, chifukwa tikugula kwa amalume, kwa a mpingo, kwa anzathu a kumaliro, timaona kuti kufunsa ndi mwano. Timagula mwaulemu, n'kukankha njinga pa chitunda tikutukwana chamumtima, ndipo chaka chamawa pa ukwati anthu awiri sakupatsana moni.

Chonsecho kukonza si tchimo. Kumapiri kwathu kuno njinga imene sinakonzedwepo ndi imene sinayendepo. Pali zosintha zina zanzeru, zopatsa njinga mphamvu pa chitunda, ndipo pali zina za katoni ya sopo. Wogula angofuna adziwe: munasintha chiyani, anasintha ndani, chinavuta n'chiyani? Akadziwa, asankha yekha. A Ndau sanali munthu woipa. Choonadi chonse anali nacho, ndipo amachinyadira. Chimangofuna wochiyamikira kuti chituluke.

Esinta anapitiriza kusaka njinga. Dzulo tinali ku Kasinje, kwa bambo wina amene si mbale wathu ngakhale pang'ono. Zikuoneka kuti mbiri inatitsogolera, chifukwa mlongo wanga atangogwira chitenje kuti akonze, bamboyo anadzuka pampando manja ali m'mwamba.

"Mayi, musagwade. Ndinena ndekha. Pistoni ndinasintha mwezi watha, koma gwirani, injini ndi yozizira."

Inalidi yozizira, ndipo inalira pa kuponda koyamba.

Nanga inu amene mwatsuka njinga m'mawa uno n'kuyiimika padzuwa, munena nokha, kapena tikutumizireni Esinta adzakupatseni moni?