Loya wa Tsabola wa ku Leskovac

Tsiku limene Radmila Stojiljković anamaliza maphunziro a zamalamulo, bambo ake a Dobrivoje, mlimi wa tsabola wa kufupi ndi Leskovac, anapha nkhumba. Ankati apeza wowayankhulira pa mlandu wa malire a munda ndi a Milisav, oyandikana nawo.

"Ayi bambo, anga ndi malamulo a malonda a pakati pa mayiko."

"Oho! Ukaweruza mayiko, koma mpanda wa a Milisav wakukulira?"

Ku Belgrade anamulemba ntchito ku bungwe la ogulitsa katundu kunja, ndipo mlandu umene anamusenzetsa unali wa ajvar, tsabola wootcha ndi kusinja uja timasunga m'mabotolo. Dziko lina linkati ajvar ndi msuzi, choncho msonkho wake ukwere. Radmila ankati ndi ndiwo zamasamba basi.

Nkhani yofunika chonchi sathamanga nayo. Inatenga zaka zisanu ndi zinayi. Radmila ankangokhalira ndege, lero Geneva, mawa Brussels, kukakangana ndi akuluakulu a mataye amene chibadwire sanasendepo tsabola. Miyezi inayi yathunthu inathera pa liwu loti "wosinja". Bwenzi lake Zoran, dokotala wa mano, anadikira mpaka anatopa.

"Akukwatire tsabola wakoyo," anatero, nakakwatira namwino.

Chaka chachisanu ndi chiwiri Radmila anapsa mtima. Ananyamula botolo la ajvar wa mayi ake ndi buledi, n'kukaziika patebulo la msonkhano.

"Mabwana, lawani, kenaka mundiuze ngati uwu ndi msuzi."

Akatswiriwo analawadi, mpaka kupukuta botolo ndi buledi. Atakhuta anagwirizana kuti nkhaniyi ndi yozama, ikufunika komiti yapadera.

Koma chaka chachisanu ndi chinayi Radmila anapambana mlanduwo. Usanathe mlungu, nduna ina imene sinawerengepo tsamba limodzi la mlanduwo inaoneka pa kanema ikufotokoza mmene inavutikira. Radmila anangopatsidwa cholembera chokongola.

Atapita kumudzi, anapeza bambo ake akuwotcha tsabola pabwalo.

"Ndiye akuti ajvar ndi chiyani, mwanawe?"

"Ndiwo zamasamba, bambo."

"Ha, sukulu ndi yabwino! Ife tikanafa osadziwa. Tenga mpeni apo usende."

Anasenda mpaka zala zinafiira, ndipo anadabwa kuti akusangalala. Lolemba anabwerera ku ofesi, kumene anapeza fayilo yatsopano: kodi zipatso zouma zokutidwa ndi chokoleti ndi zipatso kapena maswiti? Anavula jekete, nawerenga tsamba loyamba akumwetulira. Mlandu umenewu, anaona, umufikitsa pa penshoni.