Tsiku limene apongozi anaphika chakudya cha njoka yanga

Ine ndinaweta njoka. Ndikunena poyera chifukwa pa Dedza Boma nkhaniyi inamveka kale, ndipo amene amaifotokoza kumsika amaitalikitsa njokayo chaka chilichonse. Chaka chatha ndinamva kuti inkazungulira nyumba yonse. Zoona zake n'zakuti inali yaitali ngati lamba wa thalauza, basi.

Pasukulu yasekondale pomwe ndimaphunzitsa panali mayi wina wachizungu wophunzitsa sayansi, ndipo ankasunga njoka yamizere yakuda ndi yoyera m'bokosi lagalasi. Ankati kwawo ku Amereka mtundu umenewu amautcha mfumu ya njoka chifukwa umameza njoka zinzake, koma ulibe ululu ngakhale pang'ono. Nthawi yake yobwerera kwawo itakwana, analowa m'chipinda cha aphunzitsi kufunsa woti aisunge. Anzanga onse anaweramira m'makope ngati akuchonga mayeso. Ine vuto langa ndi limodzi: mlendo akandipempha chinthu akumwetulira, pakamwa panga pamayankha kuti palibe vuto mutu usanafunsidwe.

Anandipatsa bokosilo pamodzi ndi pepala la malamulo. Mbewa imodzi pa sabata, yakufa, yoyamba yauma mufiriji kenako n'kuifewetsa m'madzi ofunda. Ikadya osaigwira masiku awiri, ingasanze. Isazizidwe. Ikaluma osaikoka, mano ake angathyoke, kungoithira madzi ozizira kumutu. Panalinso lamulo lina lomwe analidula mzere kawiri, loti ndizisamba m'manja ndi sopo ndisanaigwire, chifukwa imatsatira fungo kuposa maso.

Mkazi wanga atandiona ndikutsitsa bokosilo panjinga ya kabaza, anavula silipasi imodzi, osadziwa kuti ayambe kumenya njoka kapena ine.

"Anzanu alendo akamapita amawasiyira njinga," anatero. "Inu mwalandira chimenechi?"

Ndinamuwerengera pepala lonse la malamulo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena zomwe sizinalembedwe papepalapo. Tinali titakhala m'banja zaka zisanu popanda mwana. Mkazi wangayo ndinachita kumupempha kwawo ku Lobi kuti ndizikhala naye kuno, ndipo abale ake anali atayamba kale kung'ung'udza.

"Mukudziwa zimene anthu amanena za mwamuna wosunga njoka m'nyumba," anatero. "Ati ndi yokhwimira chuma, ati imadya ana asanabadwe. Amayi akangomva, abwera ndi amalume kudzanditenga, ndipo ine sindidzakhala ndi mawu okanira."

Apo sindinaseke. Mkazi wanga ndimamukonda, ndipo ndinachita mantha. Komabe mzungu anali atakwera kale ndege. Tinagwirizana kuti njokayo izikhala m'kachipinda kosungira katundu, kuseri kwa matumba a mbatatesi, ndipo pasapezeke munthu woimva.

Sabata yoyamba ndinapita kumsewu waukulu n'kugula mbewa za pampani, zowiritsa bwino, zamchere, zouma gwa. Ndinasankha yonona n'kuiika m'bokosi mwaulemu wonse. Njoka inatulutsa lilime kawiri, n'kutembenuka kukalowa pansi pa chikungwa cha mtengo chomwe inkabisalako. Ndinaidikira ola lathunthu. Pomaliza mpani wonse ndinadya ndekha, ndikuinena njokayo kuti ndi yamwano.

Kenako ndinapeza bambo wina wakumudzi wodziwa kukumba mbewa, n'kumupempha kuti azindibweretsera zosawiritsa, zosatumbula, zosathira mchere. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Aphunzitsi, mumadya zaziwisi?"

Ndinamuuza kuti ndi za sayansi. Mawu amenewa amatseka pakamwa anthu ambiri, ndawayesa malo osiyanasiyana.

Tsiku lomwe inadya koyamba ndinasangalala ngati kalasi langa lonse lakhoza mayeso. Inagwira mbewa yakufa kale ija n'kuizenga mwamphamvu zedi, kudzionetsa ukatswiri pa chinthu chomwe chinagona mufiriji milungu itatu. Ndinazolowera kuinyamula, ikuyenda pang'onopang'ono kuchoka dzanja ili kupita linalo. Chisanu cha June chitafika, nkhungu itaphimba phiri mpaka cha m'ma teni, ndinkadzuka m'mamawa kutenthetsa madzi, kuwathira m'botolo, kuliveka sokosi yanga n'kuliika pambali pa bokosi.

"Zaka zisanu ine simunanditenthetserepo madzi," ankatero mkazi wanga. Masiku ena ankafunsa monyogodola kuti, "Mwana wanu uja wadya?" Tinkaseka tonse, koma kuseka kwake kunkatha msanga.

Apongozi anga aakazi anafika Lachisanu lina mu July osatumiza uthenga, atasenza thumba la nyemba. Ine ndi apongoziwo tinkaopana monga mwa mwambo. Zaka zisanu zonsezo sitinayang'anizanepo m'maso. Iwo ankakhala pamphasa atapenya kumbali, ine n'kunjuta cha kukhomo, ndipo mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ankati, "Uwauze abambo kuti kumudzi tili bwino," ine ndili pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamphasa. Madzulo ake mkazi wanga anandinong'oneza kuti abwera sabata yathunthu, ndipo atumidwa ndi akumudzi pa nkhani ya mwana ija.

Loweruka m'mawa ndinapita kusukulu kukayang'anira masewera, mkazi wanga n'kupita kumsika. Ndikubwerera masana, fungo linandichingamira pageti. Ndinalidziwa nthawi yomweyo. Apongozi anali atatsegula firiji kufuna poika tomato, n'kupeza jumbo ya mbewa khumi ndi ziwiri, zonona, zoyalidwa bwino. Anazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziwamba pambaula.

"Uwauze abambo kuti ndathokoza," anatero kwa mkazi wanga, yemwe anali atangofika kumene kuchokera kumsika. "Sindinkadziwa kuti m'tauni muno mumakumbukirabe ndiwo zakumudzi. Munadziwa bwanji kuti ndikubwera?"

Mkamwini sakana ndiwo zophika apongozi ake. Ndinakhala pansi n'kudya nawo chakudya cha njoka cha miyezi itatu, ndipo ndisaname, zinali zokoma. Nditamaliza, mkazi wanga anandithira madzi m'manja pabeseni monga mwa masiku onse, madzi okhaokha opanda sopo.

Kenako apongozi ananena kuti akapuma pang'ono apeta nyemba zija, ndipo akaziika okha m'kachipinda kosungira katundu, chifukwa ana a masiku ano sadziwa kusunga nyemba. Iwo anakakhala pakhonde ndi lichero, mkazi wanga anapita kuseri kukatsuka mbale, ine ndinathamangira kukachipinda kaja. Nzeru yanga inali yoti ndiike njokayo m'chikwama n'kukaibisa kuchipinda chathu chogona, komwe apongozi sangapondeko ngakhale nyumba itayaka. Ndinaiwala zinthu ziwiri. Loweruka linali tsiku lake lodya, ndipo dzanja langa linkanunkhira mbewa zinayi.

Ndinangolowetsa dzanja, iyo n'kuti khapu pa chala chachikulu. Ululu wake si wambiri, uli ngati wa timinga ting'onoting'ono. Vuto ndi lakuti mtundu umenewu ukagwira sutaya. Inazenga mkono wanga katatu n'kuyamba kusuntha nsagwada pang'onopang'ono, kufuna kumeza chala, ndipo ndikhulupirira kuti inkaganiza zopitiriza mpaka kutayi.

"Iwe, ndine," ndinainong'oneza. "Ndine wa sokosi uja."

Sinandizindikire. Ndinakumbukira za madzi ozizira aja, koma m'nyumba munalibe ndi dontho lomwe. Ndowa inali panja, kumapeto kwa khonde, kupitirira pomwe apongozi ankapeta nyemba. Ndinabisa dzanja m'kati mwa jekete n'kutuluka chammbali nditawerama, mmene ndinkadutsira masiku onse pamaso pawo. Ndikanadutsa bwinobwino. Koma mchira unatulukira pansi pa jekete n'kuyamba kugwedezeka.

Lichero linagwa, nyemba mbwee pakhonde ponse. Apongozi anatola chikuni ndi changu chomwe sindinkawaganizira, n'kundivundukula jekete. Ndinagwada, dzanja ndalikumbatira pachifuwa.

"Amayi, musaimenye! Chonde amayi, ilibe mlandu, ndi njala chabe. Yamva fungo la mbewa."

Amenewo anali mawu anga oyamba kulankhula kwa iwo mwachindunji m'zaka zisanu. Mkazi wanga anatulukira pangodya ya nyumba, mbale ili m'manja, n'kuima. Mayi woyandikana nafe anali atasuzumira kale pampanda, ndipo ndi iye amene anakayamba kuitalikitsa njokayo kumsika. Mumtima ndinati basi, banja langa lathera pano.

Apongozi anatsitsa chikuni pang'ono. Anayang'ana njoka, anayang'ana mbaula, kenako anandiyang'ana ine kumaso.

"Mbewa zija zinali za iyi?"

"Inde, amayi."

"Ndiye kuti ine ndaphika ndiwo za njoka."

"Inde, amayi."

"Inu n'kumadya osanena."

"Zinali zokoma, amayi."

Anandifunsa chomwe chimachotsa chinthu chimenechi pa chala cha munthu, ndipo ndinawauza. Anatunga madzi m'ndowa ndi jagi, anagwada n'kuyamba kundithira padzanja pang'onopang'ono, mmene amathirira mlendo asanadye. Njoka inapirira jagi yoyamba. Pa yachiwiri inatsegula kukamwa monyinyirika n'kundisiya. Pa chala panatsala timadontho ta magazi tozungulira. Apongozi anauza mwana wawo kuti abweretse sopo, n'kunditsuka okha bala lija mondikalipira, ati munthu wamkulu wophunzitsa ana a eni ake.

Kenako anati akaone komwe imagona. Anaona bokosi, mbale ya madzi, pepala la malamulo lomatidwa pakhoma, ndi botolo lovala sokosi. Botololo analinyamula n'kuligwiragwira, linali lidakali lofunda. Atatuluka anaima pabalaza n'kumwaza maso nyumba yonse.

"Za njoka yachuma ndinamvapo," anatero. "Nanga chuma chakecho chili kuti? Mpando uwu mwendo wake ndi njerwa. Iyi sikukubweretserani kanthu, bambo, ikukudyerani."

Mkazi wanga anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Amayi, musanditenge," anatero.

"Wanena zokutenga ndani?" Apongozi anatembenukira kwa ine, osadzeranso mwa munthu. "Kumudzi anandituma kuti ndidzaone ngati mwana wanga akukhala ndi munthu. Ndaona munthu akulumidwa, magazi akutuluka, iye n'kumapepesera chomulumacho. Ana amapereka ndi Mulungu, bambo, si inu, si ine. Ndikawauza kuti mwana wanga ali pabwino. Za njokazi sindikanena, angandifunse kuti ndinadya chiyani."

Ndinalira nanenso, chala chili m'mwamba chomangidwa kansalu. Kenako tonse atatu tinagwada pakhonde kutola nyemba.

Patatha milungu iwiri iwo atabwerera, kondakitala wa minibasi yochokera ku Lobi anandipatsira kaphukusi pasiteji, ataifinya mphuno, n'kundipempha kuti ulendo wina katundu wotere tizitumiza pa galimoto ina. Munali mbewa khumi ndi ziwiri zokulungidwa m'masamba a nthochi, zosawiritsa, zosatumbula. Madzulo foni ya mkazi wanga inalira, ndipo atayankha anaipereka kwa ine, ati amayi akufuna inuyo.

"Zafika, bambo?"

"Zafika, amayi."

"Sindinathire mchere. Ndipo muzisamba m'manja."

Nkhani ya kumsika ija ikafika ku Lobi, ndimamva kuti amayi amaibweza pakhomo. Mwana sanabwerebe mpaka lero. Mkazi wanga ali pano, ndipo masiku ano m'nyengo yozizira ndimatenthetsa madzi a mabotolo awiri.