Ulusi Wofiira pa Khosi la Botolo

Anthu a mumsewu umenewo amawatcha Mayi a Ulusi. Agulitsa vinyo m'sitolo ya mlamu wawo zaka khumi ndi zinayi, koma sanalawepo ngakhale dontho. Iwo ndi tiyi basi.

Mabotolo a mtundu uliwonse amawandandalika pashelefu mpaka kukhoma, ndipo botolo lachisanu kuchokera kumbuyo amalimanga ulusi wofiira pakhosi. Botolo la ulusi likafika kutsogolo, ndiye kuti nthawi yoitanitsa ena yakwana. Kampani yobweretsa vinyo imalandira oda imodzi yokha pasabata, Lachiwiri isanakwane 12 koloko, ndipo galimoto imabwera Lachinayi.

Lolemba lina Mayi a Ulusi anakazulitsa dzino, mlamu wawo n'kutsala yekha m'sitolo. Lachiwiri anafika 11 koloko, tsaya lili lotupa. Anapeza mabotolo ali waliwali, onse atakokeredwa kutsogolo, koma ulusi panalibe.

"Alamu, ulusi wanga uli kuti?"

"Tinsanza tija? Ndataya. Taonani kukongola kwake!"

"Mayo ine! Nanga wotsekemera uja watsala mabotolo angati?"

Amanena vinyo amene analonjeza kasitomala wawo wakale, bambo woyendera ndodo. Loweruka bamboyo amakwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja, ndipo amafuna mabotolo khumi. Mlamuyo anapisa dzanja kuseri kwa mzere wokongolawo, n'kukhudza khoma. Analipo atatu okha.

"Dzulo anayenda malonda," anatero chapansipansi.

"Kwerani makwerero, bwana. Odayo ndi imodzi, ndiye tiwerenga sitolo yonse."

Mlamuyo anakwera, mimba ikukhula mashelefu. Iye amafuula manambala, Mayi a Ulusi akulemba kuseri kwa katoni.

"Woyera wowawasa, asanu ndi awiri!"

"Mwawerenga, kapena mwangolota?"

"Asanu ndi limodzi. Pepani aphunzitsi."

Mayi a Ulusi anaimba foni kukampani kutatsala mphindi zitatu kuti 12 koloko ikwane. Mayi wolandira maoda anayamba n'kuseka.

"Lero mukulankhula ngati mwavwata mwala, bwanji?"

"Lembani kaye makatoni awiri a wotsekemera, za mwala tikamba pambuyo."

Loweruka bambo aja anabwera atagwirana mkono ndi akazi awo. Mabotolo khumi anali kale m'katoni, ndipo mwini sitolo anawanyamulira yekha mpaka pagalimoto, akudandaula msana.

"Mlamu wanuyu ndi wolimbikira," anatero mayi okalambawo.

"Kwambiri," anayankha Mayi a Ulusi. "N'chifukwa chake sindimusiya yekha."