Mmene Ndinaphunzirira Kunyamula Bambo

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu pamene Bambo anadwala sitiroko, mbali yakumanja n'kufa. Tinkakhala ku Chinsapo. Amayi ankalawirira kumsika, choncho ntchito yowachotsa Bambo pabedi kuti akaothere dzuwa pakhonde inagwera achimwene anga a Yohane. Azakhali anali ataneneratu kuti zikatikanika adzawatenga kupita nawo kumudzi ku Dowa. Mawu amenewo ankandidula mtima.

Achimwenewo ankadzidalira. Kuseri kwa nyumba anali ndi madambelo awo, zitini za simenti zolumikiza ndi kapaipi, ndipo tsiku lililonse ankapinda mikono pamaso pa kagalasi kosweka, n'kumasirira akatumba awo. Koma sabata yachiwiri anawerama miyendo ili chilili, n'kukoka Bambo ndi mikono yokha. Msana unangoti the! M'nyumba mwathu odwala anakhala awiri.

Anatithandiza ndi Mayi Nachisale, oyandikana nafe, amene anapuma pantchito yolondera akaidi. M'mawa ankabwera kudzatulutsa Bambo, madzulo n'kundiitanira kwawo. Anali ndi chitsulo chobulungira ngati dzungu, chokhala ndi chogwirira pamwamba.

"Zitini za achimwene akozo n'zabwino, zimakuza mikono," anatero. "Koma munthu sanyamulidwa ndi mikono, mwanawe. Mphamvu ili m'chiuno."

Anandiphunzitsa kuchiponyera kumbuyo pakati pa miyendo, kenako kukankha ndi chiuno mpaka chifike pachifuwa, msana uli wowongoka. M'manja munatuluka matuza, ndipo fungo la dzimbiri silinkachoka ngakhale ndi sopo. Anzawo a achimwene ankasuzumira pampanda n'kumakuwa kuti, "Sisi, mukufuna ganyu ya ubawunsa?" Ine ndinkangopitiriza kunyamula chitsulocho. Walira mvula walira matope.

Patatha mwezi, azakhali anatulukira ndi galimoto yahayala. Anati sitingadalire munthu wapadera mpaka kalekale, ndipo anayamba kulongedza zovala za Bambo. Bambo ankangoyang'ana kudenga, misozi ili chuchuchu.

"Azakhali, tadikirani muone," ndinatero.

Ndinawakhazika Bambo m'mphepete mwa bedi, mawondo anga ndi awo n'kugundana. Ndinawakumbatira m'chiuno, n'kutsika pang'ono, kenako n'kukankha monga ndinkachitira ndi chitsulo chija. Anaimirira nane limodzi. Pang'onopang'ono tinafika pakhonde, n'kuwakhazika pampando wawo. Lilime lawo linali lolemera, koma aliyense anamva bwinobwino pamene anati, "Sindipita." Galimoto inabwerera ndi azakhali okha.

Lero ndikamva achinyamata kujimu akukangana kuti chitsulo choposa chinzake n'chiti, ndimaseka, chifukwa ndinadziwa kale kuti chilichonse chili ndi ntchito yake. Ndimangowafunsa kuti akufuna adzanyamule chiyani. Ine ndinkafuna kunyamula bambo anga, ndipo ndimanena monyadira kuti ndinawanyamula zaka zinayi, m'nyumba yawoyawo, osawagwetsa ngakhale kamodzi.